Msika wa M'foni pa Gombe la Nkhotakota: Pamene Amisiri Afika

Usipa ukatsika m'boti m'bandakucha pa magombe a Nkhotakota, kaya ndi pa Chia, kaya pa Sani, kaya kumpoto uko cha ku Ngala ndi ku Dwambazi, mbiri ya mtengo wake imafika ku Lilongwe nsombazo zisanayanikidwe n'komwe pa thandala. Pakuti mayi wa geni amene wagula ndowa zingapo, asanasambe m'manja, amayamba wamasula foni ku nsonga ya chitenje, najambula, natumiza chithunzicho kwa mnzake wa kumsika wa ku Mchesi kapena wa ku Kasungu, ndipo dzuwa likamafika paliwombo ndalama ya chikole imakhala italowa kale. Malonda otere palibe anawalamula, ndipo palibe sukulu imene inawaphunzitsa: anthu anangoona kuti foni ikhoza kuyenda ulendo umene kale unkayendedwa ndi miyendo, nayamba kuituma. Amisiri olemba mapulogalamu a pakompyuta, amene ambiri mwa iwo ndi achinyamata a m'mizinda yathu, akudza pambuyo pa anthuwa, kuyesa kuwamangira msika wokhazikika wa pa intaneti, woti wogulitsa aonetsepo katundu wake mwadongosolo, wogula asankhe, ndalama zidutse, katundu afike. Monga tionera ife, njira ya ndalama yalambulidwa ndithu. Koma mbali imene imaoneka yopepuka, ya kunena zoona za katundu m'mawu ndi m'miyeso ya anthu a kunyanja, ndiyo yatsalira kutali.

Nkhotakota si mlendo pa malonda a kutali. Cha m'ma 1840 anafika kuno Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, nakhazikitsa zombo zamatanga zooloka nyanja, ndipo kuchokera pa dooko lino minyanga ya njovu, pamodzi ndi ana a anthu omangidwa m'magoli, inkaolokera kutsidya ndi kuyenda mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. David Livingstone anaziona zimenezi ndi maso ake pamene anadutsa muno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mphamvu ya a Jumbe inatha m'zaka za m'ma 1890, nyengo imene Angerezi anali kulimbitsa boma lawo, nawonso a mishoni ya UMCA anakhazikika kuno mu 1894. Malonda oipawo anatha, Mulungu ayamikike, ndipo mpunga umene unafala m'madambo muno m'masiku omwewo ukali kudyetsa mabanja kufikira lero. Koma mbiriyi yatisiyira chenjezo lakuti pa malonda a kutali, amene wagwira njira nadziwa mtengo wa kutsidya ndiye amalemera, pamene mwini thukuta amangolandira chimene wauzidwa. Kotero tiyenera kufunsa za msika wa m'foniwu ngati udzatsegula maso a msodzi ndi mlimi, kapena udzangowaikira mkhalapakati watsopano amene sadzamuona nkhope.

Tsono owerenga ena adzafunsa kuti pulogalamu n'chiyani. Ndi mndandanda wa malamulo olembedwa m'chinenero chimene makina amamva, chimene amisiri amati khodi, ndipo makinawo amachita chokhacho chimene alamulidwa, osaonjezera, osachotsa, osamuganizira mwini wake. Mayi uja akakhudza foni yake ndi chala, pali mmisiri amene analemberatu kuti chala chikagunda apa chitseguke chakuti, chithunzi chikajambulidwa chichepetsedwe kulemera, netiweki ikaduka pakati uthenga usungidwe ndi kutumizidwa ikabwerera; ndipo chilichonse chimene mmisiriyo sanachiganizire, makina sachidziwa konse. Pulogalamu imakhala pawiri: kachigawo kokhala m'foni mwanu, kamene achinyamata amati apu, ndi chigawo chachikulu chokhala pa kompyuta yosagona usana ndi usiku yotchedwa seva, imene kawirikawiri imakhala kunja kwa dziko lino, kumene kumasungidwa maina, zithunzi ndi mitengo. Ntchito imeneyi ili ngati ya boti la matabwa, limene silinenedwa kuti latha tsiku lolikankhira m'madzi, pakuti pomwepo m'pamene mmisiri amaona pochucha namata, ndipo chaka ndi chaka lidzabwerera kumtunda kukamatidwanso. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu satulutsa ntchito yonse kamodzi: amamanga kachigawo, nakapereka kwa anthu kuti akayese, namva madandaulo, nakonza, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu amanena kwa eni ntchito zimene zatha, zimene zasweka, ndi zimene adzagwira mtsogolo.

Mbali imene yapita patsogolo koposa ndi ya ndalama. Anzathu a ku Kenya anayamba ndi M-Pesa mu 2007. Kuno Airtel Money inafika mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, mabanki nawo natsegula njira zawo za pafoni, monga Mo626 ya National Bank. Mu 2015 inayamba kugwira ntchito National Switch, imene pang'onopang'ono yalumikiza mabanki ndi makampani a mafoni kuti ndalama zizioloka kuchokera kwina kupita kwina, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la njira zolipirira pamodzi ndi lina lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limati uthenga ndi pangano za pa makina zili ndi mphamvu pamaso pa bwalo la milandu. Mmisiri wa lero safunikanso kugogoda pa khomo la kampani iliyonse payokha, popeza kwabadwa makampani a kuno, monga PayChangu, amene amapatsa pulogalamu khomo limodzi lolandirira ndalama za pafoni ndi za makadi a ku banki. Pa Benga, pa boma, pa Dwangwa, ejenti ali pansi pa ambulera wake. Madandaulo alipo, a ndalama yodulidwa potapa, ndi a ejenti amene fuloti yamuthera tsiku limene nsomba zafa zambiri, koma nyumbayo yaima.

Za netiweki ndi magetsi tinganene mwachidule kuti zikuyenda, ngakhale motsimphina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a m'dziko lino linali ndi foni, koma mabanja ounikira ndi magetsi anali ngati 11 okha pa 100 alionse. Kuyambira pamenepo nthambo za intaneti zafika m'maboma, Starlink inalowa mu 2023, ndipo pa Nkhotakota pomwe pano pamangidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 21. Komabe bandulo ndi yodula, msonkho wa 10 pa 100 umene unaikidwa pa intaneti ndi mauthenga mu 2015 unaonjezera mtolo, ndipo pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022 dziko lonse linaphunzira kuti magetsi a mawa salonjezedwa. Kwa mmisiri tanthauzo lake n'lakuti wogulitsa weniweni wa pagombe ali ndi foni ya mabatani, kapena foni yamakono yotsika mtengo imene batire lake latsala pang'ono, ndipo pulogalamu imene siyenda pa foni yotere siyenda pa Nkhotakota.

Tifike tsopano pa phata la nkhani. Wogula wa pamsika amakhudza nsomba, nainunkhiza, nathyola kamodzi kulawa. Wogula wa pafoni ali ndi chithunzi ndi mawu basi, kotero chithunzi ndi mawuwo ndiwo katundu amene akugulidwa kufikira thumba litafika. Makampani aakulu a kunja analingalira kale za kuthandiza wogulitsa kukonza zimenezi. Shopify, imene inayamba ku Canada mu 2006, imapatsa munthu sitolo ya pa intaneti yongodzaza; Facebook inatsegula Marketplace mu 2016; WhatsApp Business inatuluka mu 2018, ndipo chaka chotsatira inaonjezera kaundula woikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Zida zimenezi n'zabwino, ndipo osoka zovala, oumba mbiya ndi makapu, ndi eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja apindula nazo. Koma zinapangidwira nsapato ndi malaya, katundu amene ali lero monga adzakhalira mwezi wamawa, ndipo mafunso ake ndi a saizi, mtundu, ndi kuchuluka kwa zotsala m'sitolo. Usipa suyankha mafunso amenewa.

Taonani zimene mayi wa ku Mchesi uja amafuna kudziwa asanatumize ndalama yake. Afuna kudziwa ngati usipawo ndi wofutsa, woyanika padzuwa, wowamba kapena wokazinga, pakuti uliwonse uli ndi mtengo wake, masiku ake osungika ndi ogula ake. Afuna kudziwa ngati unayanikidwa pa thandala kapena pansi, chifukwa wa pansi umalowa mchenga ndipo wogula amene walumapo mchenga sabweranso. Afuna kudziwa kukula kwake, ngati ndi waukulu kapena bonya. Afuna kudziwa tsiku limene unaphedwa, ndiponso ngati dzuwa linawala tsikulo, popeza m'dzinja nsomba yosauma bwino imafika kumsika itasintha fungo ndi maonekedwe. Mtengo nawo suima. Asodzi a chilimira amapha usipa usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana pa kuunikako. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira maboti amagona kumtunda masiku angapo. Kotero mtengo wa m'mawa si wa madzulo, ndipo wa Lolemba si wa Lachinayi. Pulogalamu yoyenera gombe ili iyenera kufunsa mafunso amenewa mwa kungokhudza kamodzi kapena kawiri, ndipo iyenera kudziwa kuti chilengezo cha nsomba chili ndi imfa yake: pakapita maola akutiakuti chidzichotse chokha, kuti munthu asatumize ndalama pa katundu amene anagulidwa dzulo.

Nanga muyeso? Pagombe sagulitsa pa kilogalamu. Pali ndowa, pali chigoba, pali beseni, pali mulu. Ndowa ina ndi yosefukira, ina yongolekeza m'milomo, ndipo ina inaphwanyidwa pansi kuti ichepe m'mimba. Mpunga wa ku sikimu ya Bua ndi wa m'madambo ena uli ndi mafunso akeake: kodi ndi wopuntha kapena wosapuntha, wathunthu kapena wosweka, wa chaka chino kapena wogonera, Faya, Kilombero kapena Pusa? Dzina la mpunga wonunkhira limakweza mtengo, ndipo pachifukwa chomwecho alipo amene amasakaniza. Mmisiri amene adzakakamiza anthu kulemba makilogalamu adzapeza kuti manambala olembedwawo ndi ongopeka, pakuti sikelo palibe. Wanzeru adzalandira muyeso wa anthu monga uliri, napempha kuti chotengeracho chioneke pa chithunzi, ndipo pamene gulu la amayi kapena kopaletivi ya alimi ili ndi sikelo yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, pulogalamu iike chizindikiro chosonyeza zimenezo. Chambo chojambulidwa pachokha sichidziwika kukula. Chojambulidwa pambali pa bokosi la machesi chimadzinenera chokha. Nzeru zazing'ono zotere sizipezeka mu ofesi ya ku Lilongwe, zimapezeka kwa munthu amene waima pagombe m'mawa namvetsera mkangano wa ogula ndi ogulitsa.

Chithunzi chili ndi mayesero ake. Makolo anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa intaneti nkhuyu zotere zachuluka, pakuti munthu akhoza kutenga chithunzi cha mnzake, kapena cha chaka chatha, nachiika ngati cha lero. Mankhwala ake alipo ndipo si ovuta kulemba: pulogalamu ilole chithunzi chokhacho chimene chajambulidwa pomwepo ndi kamera yake, nidindepo tsiku, ora ndi dera. Iyeneranso kuchichepetsa chisanachoke m'foni, popeza chithunzi chimodzi cha foni yamakono chimalemera mamegabaiti atatu kapena anayi, pamene chikhoza kufinyidwa kufika pa makilobaiti 100 nsomba n'kumaonekabe bwino. Kusiyana kumeneku ndi bandulo ya mayi wosauka, ndipo mmisiri amene sakusamala akudya ndalama ya mwini wake mosadziwa.

Chachikulu koposa ndi chinenero. Kalembera wa 2018 uja anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko lino sadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo ngakhale odziwa, ambiri sakonda kulemba ndi manja onyowa pa kagalasi kakang'ono. N'chifukwa chake malonda ambiri a pa WhatsApp amayenda ndi mawu ojambulidwa. Kuti Amalawi amakhulupirira liwu la munthu zinaoneka kale pa Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse, ndiponso pa nambala ya 321 imene alimi amaimba kuti amve malangizo m'chinenero chawo. Koma makina osandutsa mawu olankhulidwa kukhala malemba, amene pa Chingerezi afika patali, pa Chichewa akali kukwawa, ndipo pa Chitonga, chimene chimamveka kwambiri munthu akaoloka Dwangwa, sanaimirire n'komwe. Ngakhale kufufuza kokha kumavuta: wina alemba mcheni, wina ncheni, ndipo makina osaphunzitsidwa amayesa kuti ndi nsomba ziwiri. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022 kwabuka makina olemba okha nkhani, amene makampani ngati Shopify awaika kale m'zida zawo kuti azilembera wogulitsa mawu okometsera katundu. Pamenepa tiyenera kuchenjera kwambiri. Makina amene sananunkhizepo nsomba adzalemba mosadodoma kuti ndi yatsopano, yokoma, yosankhidwa bwino, chifukwa ndiwo mawu amene anawaphunzira m'zilengezo za ena. Adzanena bodza mopanda cholinga, koma mlandu wake udzagwera mayi amene dzina lake lili pansi pa chilengezocho. Ntchito yoyenera makinawa pagombe pano si kukometsa ayi, koma kufunsa ndi kulemba mokhulupirika: munthu alankhule, makina aike m'malo mwake mtundu, muyeso, tsiku ndi mtengo, namuwerengera mokweza kuti avomere asanatumize.

Kodi amisiri oti achite zimenezi tili nawo? Tili nawo, ndipo umboni wake ndi wakale. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake anayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero chitchedwa Kamuzu Central Hospital, ndipo ntchitoyo inakula kukhala Baobab Health Trust, mmene achinyamata a Chimalawi analemba mapulogalamu osunga mbiri ya odwala m'zipatala zambiri za dziko lino. Chinsinsi chawo chinali chakuti anamangira kalaliki amene sanagwirepo kompyuta: funso limodzi pa nthawi, mabatani aakulu, makina odya magetsi ochepa oti akhoza kuyendera batire. Mu 2013 Rachel Sibande anatsegula mHub ku Lilongwe, malo ophunzitsira ndi kulera olemba mapulogalamu, ndipo chaka ndi chaka sukulu zaukachenjede za ku Zomba, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Thyolo zimatulutsa ena. Pa mitengo ya mbewu, bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa, limene linakhazikitsidwa mu 2004, linaonetsa kuti mlimi akhoza kulandira mtengo wa kumsika pa foni ya mabatani. Luso lilipo.

Chimene chimawafooketsa ndi chuma. Seva imalipiridwa ndi madola, zida zambiri za mmisiri zimalipiridwa ndi madola, ngakhale kulembetsa kuti apu iikidwe pa Google Play kumafuna madola 25. Koma wogula ndi wogulitsa amalipira makwacha, amene anatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, natsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo madolawo ngakhale uli ndi makwacha sapezeka msanga ku banki. Motero mapulogalamu ambiri amabadwa ndi ndalama za mabungwe othandiza, nakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu za pulojekiti, ndipo thandizo likatha seva imazimitsidwa, anthu amene anaphunzitsidwa n'kubwerera ku njira zawo zakale ali ndi mtima wokayika chinthu chatsopano chilichonse. Ichi chimatipweteka mtima, pakuti chikhulupiriro cha anthu osauka si chinthu choseweretsa. Chifukwa chake, inu mafumu, inu a makomiti ndi a makopaletivi, pamene abwera kwa inu ndi lipoti la mmene pulogalamu ikuyendera, musakhutire ndi chiwerengero cha anthu amene anaiika m'foni kapena amene anafika ku maphunziro. Funsani kuti ndi malonda angati amene anayamba ndi kutha bwino mwezi wathawu. Ndi angati mwa ogulitsa amene anabweranso kachiwiri osaitanidwa. Madandaulo anali otani ndipo anakonzedwa m'masiku angati. Ndani adzalipira seva thandizo likadzatha. Ndipo mbiri ya malonda anu idzakhala m'manja mwa yani. Mmisiri woona sadzakwiya nawo mafunsowa, pakuti ndi omwewo amene amamusowetsa tulo.

Za kukhulupirirana, dziko la China lili ndi phunziro. Pamene msika wa Taobao unayamba mu 2003, ogula ankaopa kutumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa, ndipo ogulitsa ankaopa kutumiza katundu asanalandire. Eni msikawo anakonza kuti ndalama ya wogula iyambe yasungidwa pakati, ndipo iperekedwe kwa wogulitsa pokhapokha katundu atafika, ndipo njira imeneyi ndiyo inakula kukhala Alipay. Kuno kwathu, kumene pafupifupi aliyense analandirapo uthenga wa akathyali wonena kuti tumizani pa nambala iyi, msungi wa pakati wotere ndi wofunika koposa. Khodi yake si yovuta. Chovuta n'chakuti kusunga ndalama za anthu ena kumafuna chilolezo cha Reserve Bank of Malawi kapena mgwirizano ndi amene ali nacho, ndiponso kumafuna munthu wamoyo woweruza pamene wogula anena kuti nsomba zafika zitaola ndipo wogulitsa alumbira kuti zinachoka zili bwino. Ziphaso zaunzika zimene zinayamba mu 2017, ndi kulembetsa manambala a foni kumene kunatsatira mu 2018, zathandiza kuti nambala ikhale ndi mwini wodziwika; ndipo lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, likuletsa mwini pulogalamu kuchita zofuna zake ndi maina ndi manambala amene wasonkhanitsa. Pamwamba pa zonsezi, mbiri ya malonda oona, ikasungidwa bwino, ikhoza kukhala mboni ya mayi wa geni pamene akapempha ngongole, kuti asamangodalira katapila ndi banki mkhonde.

Katundu akagulidwa ayenera kuyenda, ndipo apa makina alibe miyendo. Kuchokera pa boma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo thumba la usipa limayenda ulendowo pa minibasi kapena pa lole, m'manja mwa kondakitala amene nambala yake yatumizidwa kwa wolandira. Bungwe la UNCTAD, pounika mu 2019 kukonzeka kwa Malawi pa malonda a pa intaneti, linatchula kusowa kwa maadiresi a nyumba pakati pa zopinga. Ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba inayambika m'mizinda, koma anthu ambiri akali kulondolerana ndi mtengo wa mango ndi chigayo. Msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja nawo uli ndi masiku ake: kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira a ku Dwangwa anaudula, nasamutsa mabanja ochuluka, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera nimiza malo ambiri a m'mphepete. Pulogalamu siingamange mlatho, koma ikhoza kulemba kuti thumba lakwera galimoto yakuti pa ora lakuti, ndi kudziwitsa onse awiri, kuti katundu akasochera padziwike pamene anasochererapo.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'misonkhano, akuti makina adzachotsa mkhalapakati kuti msodzi agulitse yekha kwa wodya wa mumzinda. Ife sitikuvomereza. Msodzi amene wachezera usiku wonse pamadzi sangafutse, kuyanika, kulongedza ndi kulondola thumba mpaka ku Kawale. Amene amachita zimenezi ndi amayi a geni, amene amaika mpamba wawo pa chiswe tsiku ndi tsiku, ndipo ana ambiri a m'boma lino aphunzira sukulu ndi ndalama ya m'manja mwawo. Iwowa ndiwo eni ake enieni a msika wa m'foni, ndiwo anauyamba, ndipo pulogalamu imene idzawalambalala idzakhala yopanda katundu. Choyenera kuchotsedwa ndi mdima wa mtengo, kuti msodzi adziwe za ku Lilongwe, mayi adziwe za ku gombe lina, ndipo aliyense alandire gawo loyenera thukuta lake.

Chatsala ndi nyanja yeniyeniyo. Msika wofulumira umaitana nsomba zambiri, ndipo chambo chachepa kale poyerekeza ndi masiku a makolo athu. Mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana uli pangozi, ndipo maukonde a udzudzu amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo amapezeka m'madzi akukokolola tiana ta nsomba. Lamulo la usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo pa kusamala nyanja kudzera m'makomiti a m'magombe, ndipo boma limaika miyezi yotseka usodzi wa mitundu ina ya maukonde pamene chambo chikuswana. Pulogalamu imene idzalola kasawala, tiana ta chambo, kulengezedwa poyera, kapena nsomba ya khoka kugulitsidwa m'nyengo yoletsedwa, idzakhala ikuthandiza kuononga chimene ikugulitsa. Kuika masiku otsekawo m'khodi, kuti chilengezo chotere chikanidwe ndipo wogulitsa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chake, ndi ntchito ya masiku ochepa kwa mmisiri. Koma kudziwa kuti ndi ukonde uti, nsomba iti, ndi gombe liti, kumafuna kuti iye akhale pansi ndi alangizi a zausodzi a pa boma, ndi makomiti a pa Chia ndi pa Bua, ndi mafumu a kwa Malengachanzi, kwa Mphonde ndi kwa Kanyenda, mzere woyamba wa khodiyo usanalembedwe.